Mlandu wa ng'ombe unalowa m'kalasi yanga ya Chizungu

## Analova Lolemba

Ndimaphunzitsa Chizungu pasukulu ina ya sekondale yoyendera pakati pa Chipata ndi Katete, kumene umapatuka pa tara n'kutsata msewu wafumbi mpaka udutse madambo awiri. M'mwezi wa Malichi 2023, nthawi ya dowe, mnyamata wina wa Giredi 10 analova Lolemba. Ndimutcha Yotamu, ngakhale si dzina lake.

Yotamu anali wamkulu kuposa anzake onse, ndevu zitamera kale. Zaka zimene anzakewo ankaphunzira kugwira pensulo, iye anali kuthengo ndi ng'ombe za eni, kudikira kuti nthawi ikakwana apatsidwe yake imodzi, monga achitira anyamata ambiri kuno kwathu. Sukulu anaiyamba mochedwa. Ankakhala desiki lakumbuyo pafupi ndi zenera losweka, ndipo kompozishoni yake sinkafika ndi theka lomwe la tsamba. Ukamufunsa funso m'Chizungu, ankayang'ana mapazi ake mpaka umuleke.

Lachiwiri anabwera. Piriyodi itatsala pang'ono kutha ndinamufunsa kumene anali dzulo lake. Anaimirira n'kuyesa m'Chizungu, mawu atatu anayi, lilime n'kumangika. Akutsogolo anayamba kuseka. Ndinawakhalitsa chete, ndipo ndinati, "Yotamu, kamba m'Chichewa. Kunali chiyani?"

Anaika manja kumbuyo, anakweza mutu, ndipo mawu amene anatuluka anali a munthu wina amene ndinali ndisanakumanepo naye.

"A Madamu, ndinaitanidwa kwa amfumu kukakhala mboni. Ng'ombe za a malume zinalowa m'munda mwa amayi ena amasiye a kutsidya kwa dambo. Oyamba kukamba anali amayiwo. Anati ng'ombe anazipeza zisanu ndi ziwiri dzuwa litangotuluka, ndipo anati aka n'kachiwiri; koyamba anangokhululuka poti ndife anansi, timamwa chitsime chimodzi. A malume sanakane kuti ng'ombe n'zawo. Chimene anakana n'kukula kwa malo odyedwawo. Anati chimanga cha kumunsi chinagwa kale ndi madzi mu Januwale, tsono asalipitsidwe zimene inawononga mvula.

"Apo a nduna anaimirira n'kubwereza mawu a onse awiri kwa amfumu, kenaka n'kufunsa aliyense kuti, 'Kodi ndakunenerani bwino?' Amayi aja anavomera. A malume anati iyayi, pena pakhota. A nduna anali atanena kuti a malume akuti kamnyamata koweta kanagona tulo. A malume anati, 'Ine sindinati kanagona. Ndinati mwina kanagona, poti sindinaliko.' A nduna anakonza.

"Ine anandifunsa chimene ndinaona. Ndinati ndinali pa njinga kubwera kuno kusukulu, ndipo ndinaona ng'ombe zikutuluka m'mundamo. Anandifunsa kuti zinakhalamo nthawi yaitali bwanji. Ndinati sindidziwa, ndinaziona potuluka, polowa sindinazione. Amfumu anatuma madoda anayi kukawerenga mizere yodyedwa, osaphatikiza ya madzi ija, ndiponso kukaona khola. Atabwerako anagamula kuti a malume adzapereke matumba atatu a chimanga pokolola, komanso kuti mwanayo asamenyedwe, chifukwa mitengo ya kholalo inali yofumbwa kale, ndipo khola ndi la mwini ng'ombe."

Belu linalira iye asanamalize. Palibe amene ananyamuka.

## Zimene zinali pa bolodi

Kumbuyo kwanga pa bolodi panali ziganizo za reported speech, kubwereza mawu amene wina ananena, zimene tinali kulimbana nazo sabata imeneyo, ndipo mu sikimu yanga mutu wotsatira unali summary. Aliyense wophunzitsa Chizungu ku sekondale adziwa kuti apa ndi pamene ana athu amagwera pa mayeso a Giredi 12 a Examinations Council of Zambia. Mwana amapatsidwa ndime yaitali n'kuuzidwa kuti atulutsemo mfundo zoyankha funso limodzi, m'mawu owerengeka. Ambiri amangokopera ziganizo zathunthu mpaka malo atha, chifukwa saona chifukwa chimene munthu angafupikitsire mawu a mnzake.

Yotamu anali atangochita zonse ziwirizo ine ndili chiimire ndi choko m'manja. Mlandu umene unadya m'mawa wonse anaumanga m'mphindi zochepa. Za moni anazisiya, za kuomba m'manja, za amene anafika mochedwa. Anasunga amene anayamba kukamba, chimene chinavomerezedwa, chimene chinakanidwa ndi chifukwa chake. Analekanitsa chimene munthu anaona ndi chimene akungoganizira, ngakhale pa umboni wake womwe, pomwe kukhotetsa pang'ono kukanawapepukitsira a malume ake. Ameneyu ndiye mwana amene m'buku langa la mamakisi anali pansi penipeni.

Njira yonse yobwerera kunyumba ndinkaganiza za a nduna aja. Amamvetsera munthu wopsa mtima akuzungulirazungulira, n'kutolamo zofunika, n'kuzipereka kwa amfumu mwini mawu ali pomwepo. Akawonjezera kapena kuchotsa, adzudzulidwa pamaso pa mudzi wonse. Ana anga ambiri akula akuonerera zimenezi pansi pa mtengo wa kwa amfumu. Pamaliro amamvanso mwini mbumba akufotokoza mmene matenda anayendera, kuyambira tsiku limene malemu anayamba kudandaula mutu, ku kiliniki, kuchipatala chachikulu ku Chipata, mpaka ola limene anatisiya, mwandondomeko, osalumpha kanthu. Nzeru yosanja nkhani ali nayo kale. Chimene analibe ndi mawu a Chizungu oinyamulira, ndiponso munthu wowauza kuti nzeru imeneyo ndi yomweyo imene wofunsa mayeso akufuna.

## Tinakankha madesiki

Lachinayi tinatsegula bwalo m'kalasi. Kuchokera mu 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu, makalasi athu anadzaza. Yanga inali ndi ana opitirira 80, atatu anayi pa desiki limodzi, tsono kukankhira madesiki m'mbali pakokha ndi ntchito ya thukuta. Tinasankha wodandaula, woyankha mlandu, mboni ziwiri, amfumu ndi nduna. Mlandu tinaupeka tokha, wa mbuzi zimene zinadya repu m'dimba, kuti tisakhudze banja la munthu aliyense. Anyamata ena anang'ung'udza ataona kuti atsikana akufuna mpando wa ufumu. Atsikanawo anawatchulira mfumu Kawaza ndi mfumu Nyanje, amayi amene alamulirapo madera awo kuno kum'mawa komwe, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Lamulo linali lakuti eni mlandu ndi mboni akambe chinenero cha kwawo, koma nduna ibwereze kwa amfumu m'Chizungu. Ena onse azilemba m'mabuku mwawo zimene akananena akanakhala nduna iwowo. Mwini mawu akamva kuti amukhotetsera, aimirire.

Ndipo anaimiriradi. Mtsikana amene anali nduna anati, "He said that the goats entered through the fence." Woyankha mlandu anadumpha pa benchi: "Iyayi, wandipachika! Ine ndati mwina zinalowera pa mpanda. Ukatero ndiye kuti ndavomera!" Kalasi inasokonekera, aliyense akufunafuna mokonzera chiganizocho. Ena ankaika maybe kutsogolo, ena kumbuyo. Kenaka kuchokera ku zenera losweka lija kunamveka mawu otsika, akuti "might". Tinalemba pa bolodi: "He said that the goats might have entered through the fence." Woyankha mlandu anawerenga, anafunsa mnzake tanthauzo lake, n'kukhala pansi atakhutira.

Kamangidwe kameneka kali m'mabuku athu onse, ndipo ana amakaloweza lero n'kukaiwala mawa. Tsiku limenelo anakagwira chifukwa panali munthu woti alipire repu ya eni kakasowa m'chiganizomo.

Wina asaganize kuti bwalo limaphunzitsa galamala palokha. Masabata otsatira tinakhala pansi pa ntchito yotopetsa ija: kubweza mneni m'mbuyo, kusintha today kukhala that day, kusintha mawu oloza munthu, ziganizo makumimakumi, ine n'kumachonga usiku ndi tochi ya foni magetsi atapita. Bwalo linangothandiza kuti ana adziwe chimene akuvutikira. Pofika kumapeto kwa temu yachiwiri Yotamu ankalemba lipoti la tsamba ndi theka. Zolakwa zinali mbwee, masipelo ena ondithetsa nzeru, koma nkhani inkayamba poyambira, mboni iliyonse ndi ndime yake, chigamulo kumapeto. Zolakwa za galamala ndimadziwa pozigwira. Tsamba lopanda kanthu ndilo limasowetsa mphunzitsi poyambira.

## Kuchotsa John, kuika Mabvuto

Zimene ndinachitazi zili ndi mbiri yake kutali ndi kuno. Ku America, Gloria Ladson-Billings anakhala zaka zingapo akuonerera aphunzitsi asanu ndi atatu a ku California amene makolo ndi akulu a sukulu ankawadziwa kuti ana akuda amakhoza m'manja mwawo. Mu 1995 analemba kuti kaphunzitsidwe kawo kanaima pa zinthu zitatu: ana akhoze maphunziro, asataye chikhalidwe chawo pophunzira cha kusukulu, ndiponso athe kufunsa mafunso pa zosalungama zimene akuziona m'moyo. Mu 2000 Geneva Gay anatulutsa buku limene linafalitsa dzina lakuti culturally responsive teaching, kutanthauza kuphunzitsa kolabadira chikhalidwe cha ana. Ana awo ndi athu amasiyana zambiri. Awo amayankhula Chizungu kunyumba, ngakhale sukulu imanyoza kayankhulidwe kawo, pomwe athu ambiri Chizungu amakumana nacho m'kalasi mokha. Koma mwana wochenjera kunyumba amene amasanduka bubu kusukulu, ameneyo tonse tili naye.

Chimandipweteka n'chakuti kuno nkhaniyi ikafika m'mawekishopu imapepuka. Amati m'chiganizo chotsani John muike Mabvuto, chotsani maapozi muike masuku, ndipo pa tsiku la mphoto ana avine chimtali. Zimenezo si zoipa, ndipo inenso ndimakondwa mwana akawerenga ndime yokamba za kukumba nshawa m'malo mwa chipale chofewa chimene sanachionepo. Koma chiganizo chimene sichinkamukhudza mwana chili ndi John sichimukhudzabe chili ndi Mabvuto. Chikhalidwe chimene chimathandiza mphunzitsi wa chinenero chili m'kayankhulidwe ka anthu: mmene ankhoswa amayalira nkhani ya banja kuti wina asachoke atachita manyazi, mmene mayi wa pa msika wa Kapata amakanira mtengo popanda kuthamangitsa kasitomala, mmene uthenga wa maliro umalembedwera kuti ukawerengedwe pa Breeze FM ndipo wa ku Lundazi amve tsiku ndi malo, mmene agogo amachedwetsera nthano ikafika pokoma. Zonsezi ndi luso la mawu, ndipo luso la mawu ndilo phunziro langa.

Malamulo a chinenero cha m'kalasi asinthasintha m'dziko muno. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Chizungu kuyambira Giredi 1. Ndondomeko ya 1996, Educating Our Future, inalola kuti mwana ayambe kuwerenga m'chinenero chimene akuchidziwa. Kuyambira 2014 ana a Giredi 1 mpaka 4 ankaphunzira m'zinenero zisanu ndi ziwiri za m'zigawo, kuno kwathu Chinyanja. Silabasi yatsopano imene inayamba kulowa m'masukulu mu 2025 yabwezeretsa Chizungu kuyambira pansi. Koma lamulo limene linatilowa m'mafupa ambirife silinalembedwe ku Lusaka. Ndi la monitala ndi kapepala kake ka mayina a oyankhula vernacular, chinenero cha kumudzi, ndi chikwakwa chimene chinkakudikira anzako akaweruka. Ine ndinakulira m'menemo, ndipo m'masukulu ena likadalipo. Lamulo limenelo limaphunzitsa mwana kuti zonse zimene akudziwa azitsamiritse pa mtengo wa pageti ngati njinga, adzazitenge poweruka. Mwana wotero amalowa m'kalasi ya Chizungu chimanjamanja, ndiye ife n'kumadabwa kuti alibe cholemba.

## Chikhalidwe cha yani?

Bwalo lachiwiri linandionetsa kuti mawu akuti "chikhalidwe chathu" ndiyenera kusamala nawo. Mlandu unali wa mwana amene anathyola wilibala ya eni, ndipo funso linabuka lakuti ndani aimirire mwanayo. Achewa anati a malume ake, mwini mbumba, nanga n'kukhala ndaninso? Angoni a kumbali ya Mtenguleni anaseka, akuti mwana ndi wa atate ake, ng'ombe za lobola zinapita. Ansenga anagwirizana ndi Achewa, mtsikana wina wa Chitumbuka wa ku Lundazi anaima ndi Angoni, ndipo mwana wa anamwino a pa kiliniki, wokulira ku Kitwe, anati iye bwalo la amfumu sanalionepo chibadwire. Ngakhale chinenero sichimodzi. Ana a m'midzi ya Angoni kunyumba amakamba chinenero chofanana kwambiri ndi Chinsenga, ndipo Chinyanja cha m'buku nachonso amachiphunzira kusukulu.

Mkangano umenewo sindinauzimitse. Tinautenga n'kuphunzirira kulemba ndime yofananitsa zinthu ziwiri, ndi mawu ake aja whereas ndi on the other hand, aliyense akufotokoza za kwawo ndi za kwa mnzake popanda kunena kuti zolondola ndi ziti. Mwana wa ku Kitwe uja ndinamupatsa ntchito ya mtolankhani, yofunsa mafunso m'Chizungu pa chilichonse chimene sanamvetse. Mafunso ake anawakakamiza anzake kufotokoza zinthu zimene ankaziona ngati zodziwikiratu.

Pali zina zimene sindizilowetsa m'kalasi. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo pa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti aliyense amamuona akuvina pabwalo pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Koma za kudambwe si za pa bolodi. Anyamata olowa sangazikambe, ana a m'mipingo ina makolo awo safuna kuti azimve, ndipo ine si malo anga kufunsa. Ndikapereka kompozishoni yofotokoza mwambo umene mwana anakhalapo, ndimasiya kuti asankhe yekha: Kulamba, Nc'wala, ukwati, msonkhano wa mpingo, kapena Eid kwa amene ndi Asilamu. Ndaonapo aphunzitsi achidwi akuumiriza mnyamata kuti afotokoze zimene analumbira kuti sadzanena, akuganiza kuti akulemekeza chikhalidwe. Mnyamatayo amangouma pakamwa, ndipo sadzakukhulupiriraninso chaka chonsecho.

## Funso la Misozi

Titafika pa kompozishoni ya mtsutso mu temu yachiwiri, mtsikana wina wa kutsogolo, amene ndimutcha Misozi, anakweza dzanja.

"A Madamu, mlandu wa a malume ake a Yotamu uja ukundivutabe. Madoda anawerenga mizere ya chimanga, anakaona mitengo ya khola. Nanga palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kamwana kaja kamachita chiyani ku ng'ombe masiku a sukulu, pomwe sukulu n'njaulere?"

Maso onse anapita ku zenera losweka. Yotamu anayamba m'Chizungu, ndipo anafika patali ndithu asanatembenukire ku Chichewa.

"Iwe uli ndi atate ako. Ine njinga imene ndibwerera kuno, yunifomu iyi, nsapato izi, zonsezi ndi mwana wa ng'ombe imene ndinaiwetera ija. Ndikanapanda kuweta, kusukulu yaulereyo ndikanabwera nditavala chiyani?"

Misozi sanabwerere m'mbuyo. "Nanga anzako amene munkaweta nawo ali kuti?"

Anakhala kaye chete, kenaka anayamba kuwerenga pa zala. Wina ali ku minda ya fodya. Awiri anakwatira. Wina amanyamula anthu pa njinga ku Chipata. "Wafika ku sekondale ndine ndekha," anatero.

Sindinawagamulire, ngakhale ndili ndi maganizo anga, ndipo ndi akuti mwana wamng'ono malo ake ndi m'kalasi. Mutu wa kompozishoni unakhala womwewo. Ndinawonjezera chinthu chimodzi chimene tinabwereka kwa a nduna: usanatsutse mnzako, yamba walemba mfundo yake m'ndime imodzi, umuwerengere, avomere kuti wamunenera bwino. Misozi analemba mfundo ya Yotamu, Yotamu n'kuikana, akuti wamuonetsa ngati munthu wokonda ng'ombe kuposa sukulu, pomwe iye anati ng'ombe ndiyo inamufikitsa kusukulu. Anakonza mpaka mwini wake anagwedeza mutu. Makompozishoni amene ndinachonga sabata imeneyo anali oyamba m'kalasi imeneyo kukhala ndi mbali ziwiri zenizeni.

Ichi ndi chachitatu chija cha Ladson-Billings, ndipo ndicho chimene timachithawa. N'kosavuta kubweretsa mudzi m'kalasi kuti tiutamande. Koma ana amene amaudziwa mudziwo amadziwanso pamene umawapweteka: kuweta, maukwati a ana, mtsikana amene anabwerera kusukulu atabereka, monga lamulo la 1997 limalolera, koma anzake n'kumamutcha "amake mwana" mpaka analeka. Ukawatsegulira khomo kuti akambe za kwawo, zimenezi zimalowanso, ndipo uyenera kukhala wokonzeka kuzilandira.

## Bambo ake anabwera okha

Tsiku lotenga malipoti a temu, bambo ake a Misozi anadikira mpaka makolo ena atachoka. Ndi Mngoni wa ng'ombe zake, wa jekete lotsuka bwino ngakhale lakale. Anavula chipewa, tinapatsana moni, kenaka anati:

"Amayi aphunzitsi, ndamva kuti m'kalasi mwanu ana akuweruza milandu m'chinenero cha kumudzi. Ine mwanayu sindinamutume kuno kudzaphunzira zimene ali nazo kale. Za pabwalo ndikhoza kumuphunzitsa ndekha. Chimene ndilibe ndi Chizungu, ndipo ndi chimene ndikufuna kwa inu."

Nkhawa imeneyi ndimailemekeza, ndipo amene amaipeputsa kawirikawiri ndi anthu amene ana awo Chizungu amachiyamwira kunyumba. Bamboyo adziwa chimene tonse tidziwa, kuti mwana akalephera Chizungu pa Giredi 12, makomo a koleji ya unamwino, ya uphunzitsi ndi a yunivesite amamutsekekera ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza bwanji. Mphunzitsi amene amathera piriyodi yonse m'Chichewa, ana akuseka, akusangalala, koma osalemba kanthu, akuwabera anawo. Ndipo nthawi ndi yochepa. Bwalo limodzi limadya mapiriyodi awiri, phokoso lake limafika kalasi yoyandikana, silabasi nayo sidikira.

Ndinatenga buku la Misozi n'kuwatsegulira. Ndinati, "Bambo, onani. Kukamba timayamba m'chinenero chimene mwana amaganizira, mphindi zoyambirira zokha. Koma chilichonse cholowa m'buku umu ndi Chizungu, ndipo cholembera chofiirachi sichikhululuka." Ndinawaonetsa kompozishoni ya mu Januwale, ya ulendo wa pa ndege umene mwanayo sanayendepo, mizere khumi yobwereka m'mabuku. Kenaka ndinawaonetsa ya kuweta ng'ombe ija, masamba awiri odzaza.

Anatembenuza masambawo mosamala, kutsogolo ndi kumbuyo. Chizungu sawerenga. Anamuitana Misozi amene ankadikira pakhonde, n'kumuuza kuti awerenge mokweza, ndime ndi ndime, ndipo ikatha ndime iliyonse awauze m'Chingoni chimene yanena. Mwanayo anayamba akunjenjemera, koma anafika kumapeto. Bamboyo sananene kuti ndawagonjetsa. Anangoti, "Tidzaona pa mayeso. Koma bukuli lizibwera kunyumba kutha kwa mwezi uliwonse."

Sukulu itatsegulira, Misozi anabwera ndi uthenga. Akuti atate ake anamvetseranso kompozishoni ija kunyumba ndipo anapeza kuti ili ndi bowo. Iye analemba kuti ana onse achoke ku ng'ombe apite kusukulu, koma sananene amene aziweta ng'ombezo, ndiponso kuti munthu wamkulu woweta amafuna malipiro a ndalama mwezi ndi mwezi, zimene eni ng'ombe ambiri a kumudzi alibe mpaka atagulitsa thonje kapena nshawa. Akuti mfundo yotere pabwalo singaime. Misozi anapita kukafunsa eni makola atatu a m'mudzi mwawo mmene angachitire, ndipo mmodzi anamuuza za kuphatikiza ng'ombe za makola angapo kuti akuluakulu aziweta mosinthana. Anailembanso kompozishoniyo ndi ndime yatsopano, ndipo ndinaichonga ngati ntchito ina.